Kukonza nkhope ya wodwala khansa si kudzikongoletsa

Pa mpingo wina waung'ono umene ena mwa ife timapitako pa Sabata kukathandiza kuphunzitsa ana, pali mayi wina amene amakhala pabenchi yomalizira, pafupi ndi khomo. Kaya kutenthe chotani, iwo amadzikulunga mpango kuyambira pansi pa mphuno mpaka m'khosi. Amalowa Sukulu ya Sabata itayamba kale ndipo amatuluka nyimbo yotsekera isanathe. Pa Sabata la mgonero sabwera n'komwe. Masiku oyamba tinkayesa ndi mlendo wamanyazi. Amayi a Dorika ndiwo anatiuza kuti mayiwa anaumba nawo njerwa za tchalitchicho, ndipo kwa zaka zambiri ndi iwo amene ankayambitsa nyimbo mpingo ukasonkhana.

Anadwala khansa ya m'kamwa. Inayamba ngati kachilonda pankhama, pafupi ndi mano akumbuyo. Anachukucha madzi amchere, anazulitsa dzino, anayesa zitsamba, ndipo pofika kuchipatala chachikulu chotupacho chinali chitalowa m'fupa. Madokotala anachotsa mbali imodzi ya nsagwada ya m'munsi. Pa nthawiyo mpingo unachita zotamandika. Unasonkha ndalama za ulendo, amayi ankasinthana kukawadikirira, ndipo achinyamata anawalimira munda. Moyo wawo unapulumuka. Koma nkhope inaphwera mbali imodzi, mlomo sutsekeka bwino, malovu amatayika okha, ndipo kutafuna kumawavuta moti amadalira phala.

Madokotala anawauza kuti n'kotheka kuchita opaleshoni yachiwiri yobwezeretsa fupa pamalo pamene anachotsapo. Izi zimafuna maulendo angapo a mumzinda, chakudya cha wowadikirira kwa masabata angapo, ndi zina zoti agule. Tinamva kuti nkhaniyi itafika ku bodi ya mpingo, mkulu wina, munthu wabwino amene anasonkha nawo ulendo woyamba uja, anati: "Abale, khansa ija inachoka, tithokoze Mulungu. Zotsalazi n'zokongoletsa thupi, ndipo thumba la osowa si la zimenezo." Ambiri anavomereza, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ife tikuona kuti bodiyo inalakwitsa, ndipo tikuopa kuti ambiri mwa ife tikanakhalapo tikanalakwitsa chimodzimodzi. Sitikunena izi ngati anthu oyera m'manja. Tsiku lina mpango uja unavuka mayiwa akunyamula mdzukulu wawo, ndipo ife amene tinali pafupi tinayang'anitsitsa, kenako tonse n'kutembenukira kumbali nthawi imodzi. Iwo anangoti, "Musadandaule ana anga, ndinazolowera." Tinabwerera kuno kukoleji tili ndi manyazi, ndipo kuyambira pamenepo tinayamba kuwerenga ndi kufunsa anzathu ophunzira zachipatala kuti opaleshoni imeneyi n'chiyani kwenikweni.

Ntchito ya nkhope

Tikamva mawu akuti nkhope, ambiri timaganiza za galasi ndi zithunzi. Koma malo ang'onoang'ono amenewa ndi pamene munthu amapumira, kudyera, kumwera, kulankhulira ndi kuonera. Nsagwada ya m'munsi ndiyo imagwira lilime kuti lisagwere kukhosi. Mlomo ndiwo umasunga malovu ndi chakudya m'kamwa. Denga la m'kamwa limalekanitsa pakamwa ndi mphuno, ndipo likabooka madzi amene munthu wamwa amatulukira m'mphuno, mawu ake osamveka. Chikope chimateteza diso kuti lisaume. Lilime likachepa kapena likamangika ndi chipsera, chakudya chimasochera n'kulowa m'njira ya mpweya, ndipo kutsamwa kotereku kumayambitsa chibayo.

Khansa ya m'mutu ndi m'khosi imagwira malo amenewa: milomo, lilime, nkhama, mmero, kholingo, m'mphuno, tiziwalo totulutsa malovu ndi khungu la kumaso. Dokotala akamachotsa chotupa sadula chotupa chokhacho. Amadula ndi mnofu wooneka wabwino wozungulira, kuti pasatsale timbewu ta khansa tosaoneka ndi maso. Kawirikawiri amachotsanso timabele ta m'khosi kumene khansa imayamba kufalikira. N'chifukwa chake kachilonda kooneka ngati ndalama yachitsulo kamasiya bowo lalikulu. Pamimba kapena pantchafu khungu limatha kukokedwa n'kusokedwa, malaya n'kuphimba. Kumaso kulibe mnofu wapadera wosungira, ndipo kulibe malaya.

Mmene madokotala amakonzera

Njira zokonzera zilipo zingapo, ndipo dokotala amasankha yosavuta imene ingagwire ntchito. Bala likakhala losazama, amasenda kakhungu kopyapyala pantchafu n'kukayala pabalapo, ndipo pakapita masiku ochepa kamayamba kulandira magazi kuchokera pansi. Bala likakhala pamphuno, patsaya kapena pamlomo, amadula khungu loyandikana nalo mbali zitatu, n'kulitembenuzira pabalapo lisanalekane ndi mitsempha yake. Kachidutswa kotere madokotala amakatcha flap. Luso limeneli ndi lakale. Ku India anthu ankaumba mphuno ndi khungu la wodwala yemweyo zaka zambiri Khristu asanabadwe, ndipo njira yotsitsa khungu la pamphumi kukapangira mphuno ikugwirabe ntchito lero. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, Harold Gillies ndi anzake anakonza nkhope za asilikali oposa 5,000 pachipatala cha ku Sidcup ku England chimene chinatsegulidwa mu 1917, ndipo zambiri zimene madokotala a khansa amachita lero zinakulira pamenepo.

Bowo likakhala lalikulu, m'kamwa kapena m'khosi, amatha kutenga mnofu wa pachifuwa pamodzi ndi khungu lake, n'kuudutsitsa pansi pa khungu la khosi mpaka kukafika pabala, mtsempha wake wa magazi uli chilumikizire. Njirayi anailongosola Stephan Ariyan mu 1979. Sifuna makina odula, ndipo n'chifukwa chake ndi yodalirika m'zipatala zimene zipangizo n'zochepa.

Njira imene inatidabwitsa kwambiri ndi yobwezeretsa nsagwada. M'mwendo, pakati pa bondo ndi kakolo, muli mafupa awiri. Lalikulu ndi la msongolo, limene limasenza thupi. Chakunja kuli lina lowonda lotchedwa fibula, limene limasenza zochepa. Dokotala amatha kuchotsa gawo lapakati la fupa lowondali, lotalika ngakhale kupitirira masentimita 20, n'kusiya nsonga zake ziwiri kuti bondo ndi kakolo zikhalebe zolimba. Amalichotsa pamodzi ndi mtsempha wobweretsa magazi ndi wobwezera magazi, nthawi zina ndi khungu lomwe. Kenako amalidula m'zigawo kuti lipindike ngati chibwano, n'kulimanga ndi timisomali ndi kachitsulo ka titanium. Pomaliza amasoka mitsempha ija ku mitsempha ya m'khosi akuyang'ana pa maikulosikopu, ndi ulusi wowonda kuposa tsitsi. Magazi akayamba kuyenda, fupa la mwendo limakhala lamoyo kumaso, ndipo pambuyo pake akhoza kubzalamo mano oikirira. David Hidalgo wa ku New York ndiye anafalitsa njirayi mu 1989. Opaleshoni yotere imatha maola 8 kapena kupitirira, ndipo masiku awiri kapena atatu oyamba anamwino amayang'ana pafupipafupi, usana ndi usiku, ngati magazi akuyendabe. Wodwalayo amadzayambanso kuyenda. Mofananamo amatha kutenga khungu la pamkono kapena mnofu wa pantchafu kukaumbira lilime.

Si zonse zimene zimafuna mpeni. Munthu amene wabooka denga la m'kamwa amatha kumupangira chotsekera chofanana ndi mano oikirira, chimene amavala ndi kuvula yekha. Akachivala, madzi amasiya kutulukira m'mphuno ndipo mawu ake amamvekanso. Khutu, mphuno kapena diso lochita kupanga, lofanana ndi khungu la mwini wake, limathandizanso ambiri. Izi zimapangidwa ndi akatswiri a mano ndi amisiri a m'zipatala.

Mfundo imene bodi ija sinaidziwe ndi yakuti kukonzaku ndi gawo la chithandizo cha khansa yomweyo. Odwala ambiri akachitidwa opaleshoni amafunikanso kuwotcha ndi makina a radiotherapy, ndipo madokotala amafuna kuti kuwotchako kuyambe pasanathe masabata 6. Bala losatsekedwa bwino limachedwetsa zimenezi. Kuwotchako kumawononganso timitsempha ting'onoting'ono, moti malo owotchedwa amavuta kupola, ndipo n'chifukwa chake mnofu wobwera ndi magazi akeake umathandiza. Kumene zipangizo zilipo, kuchotsa chotupa ndi kukonza zimachitika tsiku limodzi, wodwala asanadzuke. Zikalekanitsidwa, chipsera chimakoka minofu, fupa lotsala limapendekeka, ndipo mwezi uliwonse umene wadutsa ntchito imakulirakulira. Choncho mayi aja opaleshoni yawo inangoima pakati, sinathe.

Tisanamizane, opaleshoniyi sibweza nkhope yakale ndendende. Zipsera zimatsala, khungu la pamwendo silifanana kwenikweni ndi la patsaya, ndipo nthawi zina kachidutswa kosamutsidwa kaja kamafa, ntchito n'kuyambiranso. Palinso odwala amene khansa yawo yafika poti opaleshoni singathandize, ndipo amenewa amafunika chisamaliro chochepetsa ululu ngati chimene amapereka ku Tiyanjane ku Blantyre kapena ku Ndi Moyo ku Salima. Woyenera kunena kuti uyu athandizika kapena ayi ndi dokotala. Kwa mayi aja dokotala ananena kale kuti n'kotheka.

Kodi Mulungu sayang'ana mumtima?

Mkulu uja sanalankhule mwa nkhanza. Analankhula zimene tonse tinaphunzitsidwa. Ife amene tinadutsa m'sukulu za mpingo tinakula tikumva 1 Timoteo 2:9 ndi 1 Petro 3:3-4, ndipo tikudziwa mmene ndolo kapena utoto wa m'zikhadabo zinkafikitsira munthu kuofesi. Chiphunzitso cha kudzichepetsa pa kavalidwe timachivomereza. Koma malemba amenewa akudzudzula munthu wathunthu amene akuwonjezera zinthu pathupi kuti aoneke woposa anzake. Mayi aja sakufuna kuposa aliyense. Akufuna kutseka pakamwa, kudya nsima ndi adzukulu awo, ndi kumwera chikho cha mgonero osaopa kutayira pansalu. Nkhani ya Samueli kunyumba kwa Jese imatiphunzitsa kuti Mulungu saweruza munthu ndi maonekedwe. Phunziro limeneli ndi la ife oyang'ana, kuti tisanyoze. Silinaperekedwe kuti tizikanira nalo thandizo kwa wovulala.

Usiku umene Yesu anagwidwa, Petro anadula khutu la Malko, kapolo wa mkulu wa ansembe. Munthu safa ndi khutu limodzi, ndipo Malko anabwera ndi gulu la adani. Komabe Luka, amene anali sing'anga, analemba kuti Ambuye anakhudza khutulo n'kulichiritsa, pa ola limene anali ndi zifukwa zonse zoganizira za iwo eni. Pa 2 Samueli 10 pali nkhani ina imene sitiilalikira kawirikawiri. Mfumu ya Aamoni inameta amithenga a Davide ndevu mbali imodzi n'kuwadulira zovala. Sanavulale, koma manyazi awo anali aakulu. Davide sanawauze kuti ndevu n'zachabe. Anatuma anthu kukawachingamira, n'kuwalola kukhala ku Yeriko mpaka ndevu zitamera. Iye anadziwa kuti munthu amene nkhope yake yanyazitsidwa amavutika kuima pakati pa anzake.

Ndipo ife a mpingo uno tiyenera kumvetsa zimenezi kuposa wina aliyense. Mayi Ellen White ali ndi zaka 9, ku Portland m'dera la Maine, mtsikana wina anawagenda ndi mwala pamphuno akuchokera kusukulu. Anakomoka kwa masabata pafupifupi atatu, ndipo atatsitsimuka nkhope yawo inali itasintha moti bambo awo pobwera kuulendo sanawazindikire. Madokotala anaganizapo zoika kawaya ka siliva m'mphuno kuti iime bwino, koma anaona kuti mwanayo wataya magazi ambiri ndipo mwina sachira. Nthawi imeneyo n'kuti mankhwala ogonetsa munthu pa opaleshoni asanayambe kugwiritsidwa ntchito. Kwa zaka ziwiri sankatha kupumira m'mphuno, ndipo sukulu inawakanika. Polemba za ubwana wawo, iwo sanabise kuti anzawo ena anawatalikira chifukwa cha maonekedwe, ndiponso kuti zimenezi zinawapweteka kwambiri. Nkhaniyi timaiphunzira ku Pathfinder n'kuilemba pamayeso, koma sitiikumbukira tikaona munthu wa mpango pabenchi yomalizira.

Ali okalamba, mu 1911, mayi White analemba kuti analandira chithandizo cha X-ray ku Loma Linda maulendo 23 chifukwa cha banga lakuda limene linatuluka pamphumi pawo, ndipo anathokoza kuti linachoka. Munthu amene anatiphunzitsa zambiri za kudzichepetsa sanaone tchimo pa kulola achipatala kusamalira nkhope yake.

Kodi anadziputira okha?

Pali mawu ena amene sanenedwa pa bodi koma amanenedwa panjira yobwerera kunyumba. Ife tikudziwa kuti fodya ndi mowa ndizo zimayambitsa khansa zambiri za m'kamwa ndi m'khosi, ndipo zikaphatikizana ngozi imakula kwambiri. Fodya wotafuna ndi woika pankhama nayenso ali m'gulu lomweli. Mpingo wathu wakhala ukuchenjeza za fodya kuyambira m'zaka za m'ma 1860, kale kwambiri madokotala ambiri asanavomereze, ndipo pulogalamu ya masiku asanu yothandiza anthu kusiya fodya, imene Dr. J. Wayne McFarland ndi Mbusa Elman Folkenberg anayambitsa, inafalikira m'mayiko ambiri. Timanyadira mbiri imeneyi. Vuto ndi lakuti kunyadako kumasanduka chiweruzo. Tikaona munthu wa chotupa kumaso timayamba kufufuza chimene ankachita mobisa, ngati ophunzira aja a pa Yohane 9 amene anaona wosaona n'kuyamba kufunsa za wochimwa.

Choyamba, ambiri sanasutepo. Kachilombo ka HPV, komwe kamayambitsa khansa ya khomo la chiberekero, kamayambitsanso khansa ya pammero. Kachilombo ka Epstein-Barr kamakhudzana ndi khansa ya kuseri kwa mphuno komanso chotupa cha nsagwada cha ana chimene Denis Burkitt anachilongosola ku Uganda mu 1958. Pali zotupa zina za nsagwada zimene si khansa n'komwe koma zimakula mpaka fupa lichotsedwe. Ndipo pali abale athu a khungu la chialubino, amene kalembera wa 2018 anapeza kuti alipo oposa 134,000 m'dziko muno. Kwa iwo dzuwa lenileni la kumunda ndi la pamsika ndilo limayambitsa khansa ya khungu, makamaka kumaso, m'makutu ndi m'khosi. Chachiwiri, ngakhale amene anasutadi ndi munthu. Tikamuuza kuti asiye fodya chifukwa thupi lake ndi lopatulika, sitingatembenuke n'kunena kuti thupi lomwelo likawonongeka silifunikanso kukonzedwa. Akuluakulu anati lungalunga n'kubadwa, chilema chichita kudza.

Nanga ndalama?

Funso lolemera kwambiri ndi la ndalama, ndipo sitikufuna kulipeputsa. Mu 2015 bungwe la akatswiri la Lancet Commission on Global Surgery linanena kuti anthu 5 biliyoni padziko lapansi sangathe kupeza opaleshoni yodalirika ndi yoti angaikwanitse pa nthawi imene akuifuna. Ife tili m'gulu limenelo. Maola amene nsagwada imodzi ikukonzedwa, chipinda chomwecho chikanatha kupulumutsa amayi angapo ovutika pobereka. Thumba la osowa pa mpingo wa kumudzi nalonso ndi laling'ono, ndipo ana amasiye ofuna fizi alipo. Wina akati tiyambe ndi amene akufa, sitinganene kuti ndi wopanda chifundo.

Yankho lathu lili pawiri. Kugawa nthawi ya m'fiyeta ndi ntchito ya achipatala, ndipo mpingo sunafunsidwe zimenezo. Unafunsidwa za basi, ufa, makala ndi munthu wodikirira, zinthu zimene mpingo umadziwa kale kusonkha pa ukwati, pa maliro ndi pa msonkhano wa misasa. Chachiwiri, kuwerengera mtengo wa kukonza n'kusiya mtengo wa kusakonza n'kuwerengera kolakwika. Munthu wosatha kutafuna amaonda, amadwaladwala, ndipo amasiya kulima ndi kugulitsa pamsika. Wina m'banjamo, kawirikawiri mtsikana, amajomba kusukulu kuti aziwaphikira phala. Ndalama zonse zimene mpingo unasonkha ulendo woyamba zinagula moyo, ndiye n'zomvetsa chisoni kuti moyowo uthere m'nyumba yotseka mawindo.

Tikumbukirenso kuti zinthu zikusintha. Kwa zaka zambiri dziko lino linalibe makina owotchera khansa, ndipo odwala ankatumizidwa kunja. Kuyambira mu 2024 makinawa ayamba kupezeka, poyamba ku Blantyre, kenako ku National Cancer Centre ku Lilongwe. Maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anayamba mu 2019 pasukulu imene lero ndi Kamuzu University of Health Sciences. Chipatala chathu cha Malamulo ku Makwasa, pamishoni imene mpingo unayamba mu 1902, chakhala chikuphunzitsa madokotala a opaleshoni kuyambira mu 2014 mogwirizana ndi Pan-African Academy of Christian Surgeons. Malamulo yomweyi inatchuka kuyambira m'zaka za m'ma 1920 chifukwa cholandira odwala khate, anthu amene mphuno zawo zinaphwa ndi zala zawo kuduka, pa nthawi imene midzi yawo inkawathawa. Makolo athu mu mpingo sanaope nkhope zowonongeka. Anzathu amene mukuphunzira zachipatala, ganizirani za ntchito imeneyi posankha luso loti mudzazame nalo.

Mbali yathu

Opaleshoni yotchipa kuposa zonse ndi imene imachitika chotupa chidakali chaching'ono. M'mera mpoyamba. Aliyense wa ife atha kuloweza zizindikiro izi n'kukaziphunzitsa kwawo pa holide. Chilonda cha m'kamwa kapena pamlomo chimene chatha masabata atatu osapola. Banga loyera kapena lofiira m'kamwa losachoka. Chotupa m'khosi chimene sichikuphwa, ngakhale chisakupweteka. Mawu osasa kwa masabata atatu popanda chimfine. Kuvutika kumeza, dzino logwedezeka popanda chifukwa, kapena mphuno imodzi yotsekeka ndi kutuluka magazi kawirikawiri. Zambiri mwa izi zikayezedwa zimapezeka kuti si khansa, koma wodziwa ndi wachipatala. Munthu akabwezedwa ndi mankhwala koma chilonda osapola, abwererenso ndipo apemphe kuti atumizidwe kuchipatala chachikulu. Mphindi za zaumoyo zimene timakhala nazo pa Sabata zisamangothera pa madzi akumwa ndi soya.

Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tili ndi gawo lapadera. M'kalasi imene tidzapatsidwe mudzakhala mwana wa khungu la chialubino. Tidzamulole kuvala chipewa cha khonde ndi malaya a manja aatali ngakhale yunifolomu ikunena zina, tisadzamutume kukatchetcha masana, ndipo pa asembule adzaime pamthunzi. Tidzafunse ngati akulandira mafuta oteteza khungu kuchipatala, ndipo tikadzaona timabala tokhakhala pakhutu kapena pamlomo tidzauze makolo msanga, chifukwa pa siteji imeneyo chithandizo chake n'chachidule. Tidzalimbikitse makolo pa katemera wa HPV, amene boma linayamba kupereka kwa atsikana m'dziko lonse mu 2019. Ndipo tsiku limene mwana wa chipsera kumaso adzapatsidwe dzina lachipongwe, kalasi yonse idzayang'ana kwa ife kuti ione ngati tiseka nawo.

Pali ndi khalidwe la tsiku ndi tsiku. Munthu wa nkhope yosinthika timupatse moni ngati wina aliyense, tikumuyang'ana m'maso. Tisamufunse chimene chinachitika pokhapokha atayamba yekha. Mawu ake akapanda kumveka, tipemphe mwaulemu kuti abwereze, tisamangogwedeza mutu ngati tamva. Pa chakudya cha pamodzi pakhale zofewa, ndipo tikhale naye pamphasa imodzi. Mwana akafunsa mokweza, tisamutsine. Timuuze kuti agogowa anadwala ndipo madokotala anawathandiza. Posonkhetsa ndalama tisamwaze chithunzi cha wodwala pa WhatsApp kapena pa Facebook asanavomere yekha, chifukwa chithunzi chikapita sichibwerera, ndipo munthu amene akubisa nkhope yake kwa anansi sangakondwe kuipeza m'mafoni a anthu osawadziwa.

Kwa akulu a mpingo uja, ndi mipingo ina imene nkhani yotere idzafika, pempho lathu ndi laulemu. Ndife ana anu, ndipo sitikudziwa kulemera kwa kusunga thumba la mpingo monga mmene inu mukudziwira. Koma tikupempha kuti nkhaniyi ibwererenso pa bodi, ndipo musanavote muitane namwino kapena dokotala wa mu mpingo kuti afotokoze chimene opaleshoniyo idzachite. Ngati thumba la osowa silingakwanitse, lolani chopereka chapadera. Ife a gulu lathu tagwirizana kuti tidzayamba ndi zochepa zimene tili nazo, ndipo tidzapempha anzathu pa mapemphero otsegulira Sabata, mayiwo akatilola. Pepani sapoletsa chilonda, ndipo mapepani tawapatsa okwanira.

Sabata lapitali tinakhala nawo pabenchi yomalizira ija. Nyimbo itayamba tinamva kuti akuimba chapansipansi kuseri kwa mpango, ndipo mawu onse akuwadziwa pamtima. Sitikudziwa ngati adzayambitsenso nyimbo monga kale, chifukwa zimenezo zili m'manja mwa Mulungu ndi madokotala. Zimene zili m'manja mwathu ndi ndalama ya basi ndi munthu wowaperekeza. Mgonero wotsatira uli kumapeto kwa kotala ino, ndipo amayi a Dorika ati adzapita kukawatenga kunyumba.